Dothi la Bomba Lasowa ku Chilomoni

Mayi Mervis Namakhwa anagwira unamwino zaka makumi atatu ndi ziwiri, zambiri mwa izo kuchipinda chochilira amayi oyembekezera, choncho kulira kwa munthu ankakudziwa mitundu yake. Pali kulira kwa ululu, kwa mantha, ndiye pali kuja kongofuna kuti anthu akuone. Koma kumene kunamveka kuseri kwa mdadada wa nyumba zawo ku Chilomoni masana a Lachisanu lija kunali kwachilendo ndithu. Munthu wake ankalira dothi.

"Dothi langa! Amama, andibera dothi langa!"

Anesi, poti ndi mmene aliyense pamalopo ankawatchulira, anasiya nyemba zomwe ankasankha n'kuthamanga, patapata mmodzi kuphazi, mnzake atatsalira pakhonde. Anapeza Mwawi Chavula, mtsikana wa ku Rumphi wochita lendi chipinda chakumapeto, ataima pampando pafupi ndi bafa, misozi ili chuchuchu. Mwawi ankaphunzira za sayansi kuyunivesite. Sabata yonseyo ankayanika dothi padenga la bafa m'mathileyi khumi, lililonse ndi nambala yake, ndipo anthu apamdadada anali atasiya kudabwa. Ankangoti sukulu ikachuluka imatero.

Anesi anawerenga mathileyi aja ndi chala. Khumi, onse odzaza.

"Iwe mwana, ukulira chiyani? Si ili dothi lako lili phee?"

"Nambala 3, amama. Taonani." Mwawi anatsitsa thileyilo. "Langa linali lofiira, lamakande, louma timibulu. Ili ndi lakuda. Muli phulusa, muli utuchi, mulinso kachitsekerero ka botolo aka!"

"Ndiye ukuti munthu waba dothi n'kubwezerapo dothi?"

"Eya. Laputopu yanga ili pawindo paja, windo lotsegula, osaikhudza n'komwe."

"Koma Blantyre!" anatero Anesi, atagwira m'chiuno. Kuseka kunawafika pakhosi, koma ataona nkhope ya mtsikanayo anakumeza. "Tabwera ukhale pansi. Dothi limeneli lili ndi chiyani kuti ulire chonchi ngati wafedwa?"

Mwawi anapukuta m'maso n'kufotokoza. Kale, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, mayiko akuluakulu ankayesa mabomba awo a nyukiliya powaphulitsira mumlengalenga, kuzipululu ndi kuzilumba zakutali. Fumbi lake linakwera m'mwamba, mphepo n'kuliyendetsa dziko lonse, kenako linkatsika ndi mvula paliponse, ngakhale kuno ku Michiru. M'fumbimo munali kanthu kotchedwa siziyamu, kamene kamakakamira m'dothi ndipo kamachepa ndi theka zaka makumi atatu zilizonse. Ukayeza kamene katsala lero, umatha kuwerengera chobwerera m'mbuyo n'kudziwa kuchuluka kwa cheza cha mabombawo chimene chinafikira anthu a nthawi imeneyo.

Anesi anasendeza mpando wawo chammbuyo pang'ono. "Ndiye sabata yonseyi ndakhala ndikusamba pansi pa bomba?"

"Ayi amama, n'kochepetsetsa. Kali m'dothi lililonse, ngakhale la m'dimba mwanu. Kungoti pamafunika malo amene khasu silinagwepo kuyambira nthawi imeneyo. Ndinasaka chaka chathunthu. Ndinawapeza m'mbali mwa phiri, ndinakumba, n'kugawa dothilo malinga ndi kuya kwake. Nambala 3 ndi pamene fumbi lija linatsikira n'kukhazikika, popanda iyeyo enawa ndi matope chabe. Ndipo malo aja kulibenso, thalakitala inasalaza mwezi watha, akumangapo nyumba."

"Likufunika liti?"

"Mawa sikisi koloko m'mawa. Aphunzitsi anga akupita nalo kunja kumene kuli makina oyezera. Likapanda kupita, zaka ziwiri zanga zapita m'madzi, ndipo ondilipirira sukulu sadikiranso."

Anesi anadzuka n'kumanga chitenje mwamphamvu. Za mabombazo anangomvapo theka, koma izi za mwana wa eni kutaya sukulu pakhomo pawo anazimvetsa bwino lomwe, ndipo zinawapweteka.

"Unachoka nthawi yanji?"

"Thwelofu, kukagula timapepala tomangira. Ndabwera hafu pasiti wanu."

"Ine nthawi imeneyo ndinali kumsika. Chabwino. Wakuba waulemu chonchi, wobweza thileyi pamalo pake, si wochokera kutali. Tiyeni timve anthu."

* * *

Che Hamudi, telala wa chitseko choyamba, anali pamakina ake pakhonde, tepi ili m'khosi. Munthuyu sankafulumira pa chilichonse, ngakhale poyankha moni.

"Anesi, lero Lachisanu," anatero, akudula ulusi ndi mano. "Ine pofika thwelofu ndinali nditasamba kale, ulendo wa kumzikiti. Ndabwera wanu itadutsa. Anthu mazana awiri angakuuzeni."

"Sindikukuganizirani inu, Che Hamudi. Ndikufuna maso anu. Pochoka munasiya ndani?"

"Orton. Anali pasitepe pake akupolisha nsapato, koma maso ali kudenga la bafa ngati mphamba woona anapiye. Mnyamata ameneyu amati m'dothi limenelo muli golide. Wanenapo kawiri ine ndikumva."

"China?"

"China ndi mpando wangawu." Anadzuka pang'onopang'ono n'kuloza. "Ndinausiya apa. Ndaupeza apo, ndipo pamwamba pake pali phazi la munthu. Wallahi, anthu alibe ulemu. Ine ntchito yandichulukira, mayunifolomu a sukulu awa, masiketi awiri a apongozi anu a Doreen akuti ndiwatambasule m'chiuno poti chipisi chawanenepetsa, ndiye wina azinditengeranso mpando?"

Anesi za masiketizo sanazilabadire. Anawerama n'kuyang'ana phazi lija. Linali la jombo yaikulu, ya mano akuluakulu kunsi.

Orton anamupeza akulowa pageti, mutu uli ngwee, atangometa kumene. Ameneyu ntchito yake inali yosadziwika bwino. Lero akugulitsa mafoni, mawa akusakira anthu mapuloti, ndipo nsapato zake zinali zosongoka ngati za mkwati.

"Aaa masteni, ine? Kuba dothi?" Orton anaseka mpaka kugwira khoma. "Ndikanakhala kuti ndayamba zimenezo ndikanayambira laputopu, mesa ili poyera paja. Mukundinyoza bwanji?"

"Za golide unanena kapena sunanene?"

"Ndinanena, sindikana. Lolemba lapitali ndinatapako kanyenyeswa kamene kanagwera pansi, ndinapita nako kwa mkulu wina wodziwa miyala ku Limbe. Anandithamangitsa, masteni. Akuti ndimutayitsa nthawi ndi matope. Kuyambira pamenepo ine ndi dothi la sisi Mwawi tinasiyana mwamtendere."

"Nanga lero umayang'aniranji kudenga?"

"Kudandaula basi. Kuti zinthu zooneka bwino chonchi n'kukhala zopanda dili."

"Unachoka nthawi yanji?"

"Kota pasiti. Ndinali kometa, mzere wake eee, funsani. Tsitsi ili pakolala likadalipo." Anakutumula kolala, kenako anaima ngati wakumbukira kanthu. "Komatu mufunsenso bulaza Evance. Tinadutsana pageti pomwe pano, ine ndikutuluka iwo akulowa, atanyamula kajumbo kolemera. Ndinawapatsa moni, anangoti mmm, maso kumbali."

Anesi anatembenuka n'kuyang'ana kugeti. Evance anali mwana wawo weniweni, woyamba kubadwa.

* * *

Shedi ya ukalipentala ya Evance inali m'mbali mwa msewu, ulendo wa mphindi zisanu. Anesi anayenda mphindi zisanuzo akukangana ndi mtima wawo. Evance uja, wosatola ngakhale ndimu ya pamtengo wa eni osapempha? Ankakhala chitseko chachitatu ndi mkazi wake Doreen, zaka zisanu ndi zinayi m'banja, opanda phokoso, opandanso mwana. Nkhani ya mwanayo Anesi anasiya kuifunsa kalekale ataona kuti ikangotchulidwa Doreen amakatsekera kuchipinda.

Anamupeza akupala thabwa mwamphamvu ngati lamulakwira.

"Wadya, Evance?"

"Ndadya, amayi. Pompano. Sindinachoke lero, ntchito yachuluka."

"Sunachoke?"

"Olo pang'ono."

Anesi sanamuyang'ane kumaso. Anayang'ana pansi. Dothi la pashedipo linali lakuda, losakanikirana ndi utuchi ndi phulusa la mbaula ya mayi wowotcha chimanga pafupi. Kuseri kwa benchi kunali kadzenje kongokumbidwa kumene, kukula kwake ngati mbale ya ndiwo. Ndipo kumapazi kwa mwana wawo kunali jombo zazikulu za mano kunsi.

Anafuna kumugwira khutu pomwepo ngati kale, koma panali makasitomala awiri akudikira, ndipo bambo wa ndevu zake sumuchititsa manyazi pamsewu. Komanso chimene chinawasokoneza mutu n'chakuti sankaona chifukwa. Golide ayi, Evance sakhulupirira za Orton. Nanga dothi la eni akalitani?

"Faivi koloko ukhale kunyumba," anatero. "Pali msonkhano wa anthu onse apamdadada."

"Wa chiyani, amayi?"

"Ukamva konko."

Nzeru yawo inali yophweka. Mwawi afotokoze pamaso pa onse kufunika kwa dothilo, osatchula dzina la munthu, kenako aliyense alowe m'nyumba mwake, ndipo amene watenga akalisiye mwakachetechete kuseri kwa bafa. Evance mtima wake ndi wofewa, akamva za sukulu ya mtsikanayo abweza yekha. Umu ndi mmene Anesi anakonzera. Koma zokonza munthu, abale!

* * *

Faivi koloko onse anali pansi pa mtengo wa mapeyala. Che Hamudi anabwera ndi mpando wawo, ataugwira ndithu. Orton anatsamira mtengo. Evance anakhala pa ndowa yovundikira atagwira kapu ya madzi. Doreen yekha ndiye sanatuluke, akuti mutu.

"Pakhomo pano pasowa katundu," anayamba Anesi. "Sinditchula munthu. Mwawi, auze anthuwa chimene chili m'dothi lija, monga unandiuzira ine."

Mwawi anaimirira. "Dothi lija ndi lofunika chifukwa muli fumbi la mabomba a nyukiliya amene..."

Sanamalize. Kapu ya Evance inagwa pansi kuti phwaa.

"Mabomba a chiyani?"

"A nyukiliya, achimwene. Amene ankaphulitsa kale..."

Evance anadumpha ndowa ija, liwiro la mtondo wadooka kulowera chitseko chachitatu, akukuwa mawu amene anamveka mpaka kumsewu.

"Doreen! Lavula! Lavula msanga, ndi bomba!"

Onse pansi pa mtengo anayang'anana. Kenako Orton anatsetsereka ndi mtengo uja mpaka kukhala pansi, akuseka mosatulutsa mawu. Che Hamudi anangoti, "Subhanallah."

Anesi anaima kukamwa kuli yasa. Lavula? Mkazi kudya dothi. Masiketi awiri otambasula m'chiuno. Mutu wa masiku onse, ndi kuja kothawa kukhitchini usipa ukamakazingidwa. Mayo ine! Zaka makumi atatu ndi ziwiri akuzindikira pakati pa akazi a eni pongowaona kayendedwe, lero mpongozi wawo yemwe, wodya naye mbale imodzi, wawadutsa pansi pa mphuno. Manyazi anawagwira, chimwemwe chinawagwiranso.

Analowa m'nyumbamo Mwawi ali pambuyo. Doreen anali pamphasa, milomo ili psuu ndi dothi, manja onse awiri atagwira pamimba, akulira mosadzigwira. Evance anali atagwada pambali pake ndi beseni.

"Ndapha mwana, amayi," analira Doreen. "Zaka naini ndikudikira, ndamupha ndekha ndi kamwa yangayi!"

"Wolakwa ndine," anatero Evance, osadzutsa mutu. "Dothi la kumsika limamubwerera. Ili analimva fungo tsiku lomwe a Mwawi ankaliphwanya, ndiye masiku atatu osagona, akungolilota. Kupempha sitikanatha, akanafunsa chifukwa, ndipo tinagwirizana kuti tisauze munthu mpaka zitaoneka zokha. Ine ndimati dothi ndi dothi. Ndinabwezerapo lina lodzaza bwinobwino, mwinanso kuposa."

Anesi anatembenukira kwa Mwawi. Poto wa dothi lofiira anali pomwepo pakona, ndipo anaona maso a mtsikanayo akuthamangira kumeneko. Koma Mwawi sanapite kupotoko. Anagwada pamphasa n'kugwira dzanja la Doreen.

"Achemwali, tandiyang'anani. Ntchito yanga ndi yomweyi, kuwerengera kuti munthu walandira cheza chochuluka bwanji. Tiwerengere limodzi. Mwadya lochuluka bwanji?"

"Timibulu... mwina teni. Kapena fifitini."

"Tinene kuti mwadya kapu yathunthu, kuti tisanamizane." Anatola pensulo ya Evance n'kuyamba kulemba pakachidutswa ka thabwa. "Mabomba ambiri anaphulitsidwa kutali kumpoto kwa dziko lapansi, kuno kunafika fumbi lochepa. Lochepalo latha kale theka, n'kuthanso theka lina, poti padutsa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Ndikatenga nambala yaikulu kwambiri imene ingapezeke m'dothi la kuno, n'kuchulukitsa ndi kapu yanuyo..." Analemba mizere itatu, n'kuzunguliza yankho. "Lero mwadya nthochi?"

Doreen anadabwa mpaka kulira kunaima. "Ziwiri. M'mawa."

"Nthochi iliyonse ili ndi cheza chake chachilengedwe, chimene Mulungu anaikamo yekha. Chimene mwalandira ku dothi langali sichikufika ngakhale pa nthochi imodzi. Mwana wanu bomba silimukhudza."

"Mukunena zoona, kapena mukungonditonthoza?"

"Ndikanakhala wonama pa manambala sindikanalira dothi masana onsewa."

Doreen anaseka misozi ikadali m'masaya. Evance anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka.

"Bomba ayi, koma njoka za m'mimba ee," anatero Anesi, unamwino utawabwerera. "Kulakalaka dothi kumeneku ndi magazi ochepa. Lolemba m'mawa ndikukuperekeza ndekha kuchipatala, ukalandire mankhwala. Miyezi ingati?"

"Inayi, amayi."

"Inayi! Pakhomo panga!" Anafuna kukalipa, koma anangomukumbatira mpongozi wawoyo, dothi la kumilomo n'kuwapaka paphewa.

* * *

Tsopano inatsala nkhani ya poto. Mwawi anabweretsa kasikelo kake n'kukaika patebulo panja, onse atazungulira.

"Linali magalamu 500," anatero. "Makina aja safuna lochepera 400. Likachepera, salandira."

Anakhuthula poto mosamala, n'kukokota ndi supuni mpaka m'mbali. Manambala anathamanga, anazengereza, n'kuima pa 371.

Mwawi anayang'anitsitsa sikeloyo. Sanalire, ndipo zimenezo zinawawawa Anesi kuposa kulira kwa masana kuja. Evance anayang'ana pansi ngati akufuna nthaka imumeze.

"Sisi, tingowonjezerapo lina lofiira, ndani adziwe?" ananong'ona Orton.

"Ndidziwa ine," anatero Mwawi.

Anesi anayang'ana mpongozi wawo. Amayi oyembekezera anawasamalira zikwizikwi, ndipo sanaonepo ngakhale mmodzi wosunga chimene akuchilakalaka pamalo amodzi.

"Doreen."

"Amayi?"

"Masula."

Doreen anayang'ana kumwamba, anayang'ana kumbali, kenako pang'onopang'ono anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chake. Timibulu tinayi tinagwera pasikelo. 384.

"Kwina."

"Kwatha, amayi."

"Doreen, ine ndine namwino."

Mkaziyo analowa m'nyumba akukoka miyendo, n'kubwera ndi kachikwama kake ka kutchalitchi. Pakati pa buku la nyimbo ndi mpango panatuluka timibulu titatu. 393. Che Hamudi anavula chipewa n'kuyamba kudzikupiza nacho. Orton ankawerenga mokweza ngati ali kumpira.

"Pansi pa pilo," anatero Evance motsitsa mawu. "Pepani mayi, ndinakuonani."

Doreen anamuponyera diso loti tikambirana, koma anapita. Anabwera atafumbata dzanja, anaima pasikelo paja nthawi yaitali, kenako n'kufumbatula. Kambulu kamodzi, konenepa bwino, kamene mwachionekere anakasungira tsiku lapadera.

Manambala anagwedezeka. 399. 402. Anaima pa 404.

Mwawi anakhala pansi pafumbi pomwepo, kuseka ndi kulira pamodzi, akuyankhula Chitumbuka chimene palibe anachimva. Orton ankavina. Anesi nthungululu inawatuluka yokha, ndipo sanadziwe ngati ikupita kwa dothi kapena kwa mdzukulu.

Mwawi atadzuka kuti amange dothi lija m'pepala, anamva wina akumukoka malaya. Anali Doreen, maso ali pasikelo.

"Achemwali," ananong'ona, "mwati makinawo akufuna 400. Nanga folo yapamwambayo ipita kukatani kunja?"

Anesi anamumenya kadzanja kaja kasanafike pasikelo.

"Manga msanga, Mwawi," anatero. "Ndipo usiku uno katunduyu agona kuchipinda kwanga, chitseko chokiya."